Dzinja pa msewu wa N9: injini yamphamvu siithandiza matayala akasiya kugwira pansi

CHIFUNDE, Tete — Mvula yoyamba ikagwa ku Chifunde, alimi amathamangira kumunda ndi mbewu, ndipo msewu wa N9 umasanduka wina. Phula lomwe latha miyezi yambiri likuwauka ndi dzuwa, likumwa dizilo ndi oyilo wodontha m'magalimoto akuluakulu opita ku Zambia, limatulutsa zonsezo pamwamba. Madzi oyamba satsuka msewu ayi. Amangosakaniza fumbi ndi mafutawo, pamwamba pa phula n'kumaterera ngati therere. Woyendetsa amene anadutsa pa Luia dzulo ali pa liwiro la makilomita 120 pa ola osamva kanthu, lero akaponda buleki pamalo omwewo amaona galimoto ikupitirira ngati sanaponde.

Msewu umenewu ndiwo msana wa boma la Chifunde. Umachokera ku Matema, pafupi ndi mzinda wa Tete, n'kudutsa ku Manje m'boma la Chiúta, n'kukathera pa chipata cha Cassacatiza, komwe kutsidya kwake kuli Chanida ndi njira yopita ku Katete. Ndi ulendo wa makilomita oposa 250. Pa Bene pamapatuka msewu wa N303 wolowera ku Fingoè ndi ku Zumbo. Pa N9 pamadutsa mathanki a mafuta ochokera ku doko la Beira, malole a feteleza, ndi ena obwerera atasenza kopa wa ku Zambia ndi ku Congo. Pa phula lomwelo pamayenda chapa yodzaza, njinga yamoto yonyamula anthu atatu, ngolo ya ng'ombe, mayi wosenza nkhuni, ndi mwana wa sukulu amene wafunda pepala la pulasitiki kumutu, osaona zam'mbuyo.

Pakati pa onsewa pali mtundu wina wa galimoto womwe kale sunkaoneka kawirikawiri kuno. Ndalama za fodya, za golide wa ku Mualadzi, za matabwa ndi za malonda a m'malire zagula magalimoto amphamvu. Ena ndi a maofesi a boma, a makampani ndi a mabungwe. Ku Chifunde kulibe Ferrari kapena Porsche, ndipo ataibweretsa munthu ingathere pa dzenje loyamba. Koma mphamvu yomwe zaka 30 zapitazo inkapezeka makamaka m'magalimoto othamanga ndi odula kwambiri, lero ili mu galimoto ya banja ndi mu piki-apu. Toyota Land Cruiser 300 ya dizilo ili ndi mahatchi pafupifupi 300. Ford Ranger Raptor yatsopano ya petulo ikuyandikira mahatchi 400. Toyota Mark X, yomwe anyamata amaitanitsa yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ili ndi injini ya V6 ya mahatchi opitirira pang'ono 200, ndipo mphamvu yonseyo, pa mitundu yake yambiri, imapita ku matayala akumbuyo okha. Altezza, mkulu wake pa kutchuka, nayonso, pa mitundu yake yambiri, imakoka ndi matayala akumbuyo okha.

Vuto si lakuti magalimotowa ndi oipa. Ambiri ndi otetezeka kuposa akale. Vuto ndi lakuti amabisa liwiro. Munthu amene anaphunzirira kuyendetsa pa Hilux yakale ankadziwa kuti wafika pa 100 chifukwa chiwongolero chinkanjenjemera, injini inkalira, mawindo ankachita phokoso. M'galimoto yatsopano, 130 imamveka ngati 70. Wailesi ikulira bwinobwino, mpweya wozizira ukuwomba, ndipo palibe chomuuza woyendetsa kuti pansi pasintha.

Masamu a buleki

Galimoto iliyonse, kaya ya mtengo wotani, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi okula ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kuthamanga, kukhota ndi kuima, zonse zimadalira zikhatho zinayi zimenezi. Injini ingathe kukhala ndi mahatchi 80 kapena 400, koma pa kuima siiwerengedwa.

Masamu ake ndi a kusekondale. Galimoto yoyenda makilomita 120 pa ola imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi. Woyendetsa watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti aone mbuzi kapena mwana n'kusamutsa phazi kupita pa buleki, ndiye kuti mamita 33 apita kale buleki isanagwire. Pa phula louma, ndi matayala abwino, galimotoyo imafuna mamita ena pafupifupi 80 kuti iime. Pa phula lonyowa, pomwe matayala amagwira mwina theka lokha la mmene amagwirira pouma, mamita 80 aja amafika pa 140 kapena kuposa. Kuphatikiza zonse, ndi mamita opitirira 170, kutalika kwa bwalo la mpira limodzi ndi theka. M'mvula yamphamvu ya mu Januwale, yomwe mawaipa amalephera kuipukuta, woyendetsa saona n'komwe mamita 100 kutsogolo kwake. Akuthamangira pamalo pomwe maso ake sanafike.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi chakuti mtunda wa buleki sukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa buleki umawirikiza kanayi. Ndiye kuti kutsitsa pang'ono kumapindula kwambiri. Pa makilomita 80 pa ola, pa phula lonyowa lomwelo, galimoto imaima pa mamita pafupifupi 85, kuwerengera ndi sekondi ya kudzidzimuka ija. Munthu woyenda pa 80 m'mvula amaima msanga kuposa woyenda pa 120 padzuwa. Nanga chomwe wataya n'chiyani? Pa ulendo wa makilomita 100, woyenda pa 120 amatenga mphindi 50, woyenda pa 80 amatenga mphindi 75. Kusiyana kwake ndi mphindi 25, nthawi yomwe aliyense wodutsa pa Cassacatiza amaitaya kangapo podikira chidindo pa pasipoti.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la OMS, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili ndi imfa zambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ngakhale kuti magalimoto ake ndi ochepa. Bungweli limanenanso kuti liwiro likakwera ndi 1 peresenti, mwayi wa ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti, ndiponso kuti munthu wapansi wogundidwa pa makilomita 65 pa ola amakhala pafupi ndi imfa kanayi ndi theka kuposa wogundidwa pa 50.

Pamene galimoto yasanduka bwato

Pali ngozi ina yomwe imadza popanda chenjezo. Mizere ya pa tayala si yokongoletsa. Ndi ngalande zotayira madzi kumbali kuti mphira ukhudze phula. Madzi akachuluka, kapena liwiro likakwera, kapena mizereyo ikatha, ngalandezo zimalephera. Madzi amalowa pansi pa tayala n'kulinyamula, ndipo galimoto imayandama. Achipwitikizi amati aquaplanagem. Chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, injini imalira mokwera ngati yachoka m'giya, ndipo kaya munthu akhotetse kaya aponde buleki, palibe chomvera. Zimatha kuyamba pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ndipo ndi matayala akutha zimayamba pansi pa pamenepo.

Apa ndi pomwe galimoto yodula imagonja kwa yotsika mtengo. Matayala otambalala, omwe eni ma Mark X ndi ma piki-apu okongoletsedwa amawakonda, amakumana ndi madzi ambiri nthawi imodzi, choncho amayandama msanga kuposa tayala lowonda la Corolla yakale. Ndipo pa N9 madzi ali ndi pokhala. Pomwe malole olemera apondaponda, phula limapindika n'kusiya tinjira tiwiri totsika m'mene mumayenda matayala. Pouma sizioneka kwenikweni. Mvula ikagwa tinjirato timadzaza, ndipo galimoto yaing'ono yotsatira mapazi a lole imakhala ikuyenda m'ngalande ziwiri za madzi.

Chochita galimoto ikayandama ndi chosavuta kunena koma chovuta kuchita, chifukwa phazi limathamangira lokha pa buleki. Woyendetsa ayenera kuchotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero chilunjike komwe msewu ukupita, n'kudikira. Pakangotha sekondi imodzi kapena ziwiri liwiro limatsika, matayala n'kukhudzanso pansi. Amene wakhotetsa chiwongolero mwamphamvu galimoto ili kuyandama, matayala akagwira imadumphira komwe wakhotetserako, kaya ndi kuthengo kaya ndi kutsogolo kwa thanki ya mafuta.

Tayala latsopano limakhala ndi mizere yozama pafupifupi mamilimita 8. Malire omwe mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ndi mamilimita 1,6, ndipo opanga matayala amaika timfundo ta mphira m'kati mwa mizere. Mphira ukatha mpaka kufanana ndi timfundoto, tayalalo latha. Koma pa mvula, tayala limayamba kufooka lisanafike pamenepo, likangotsika pansi pa mamilimita 3. Kuno anthu ambiri amagula matayala akaunjika, ndipo palibe wowadzudzula, pakuti anayi atsopano a piki-apu amadya ndalama zambiri. Koma munthu amene wakwanitsa kugula galimoto ya mahatchi 300 alibe chifukwa chimenechi. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mphira ukakalamba umauma, ndipo tayala la mizere yooneka bwino lingathe kuterera ngati sopo. Magalimoto ena ochokera ku Japan amafika atavala matayala oyendera pa chipale chofewa. Amaoneka atsopano, mizere yake ndi yambiri, ogula n'kusangalala. Koma mphira wake anaupangira kozizira, ndipo pa phula lotentha lonyowa amatalikitsa mtunda wa buleki.

Bodza la 4x4

Pa malo omwera tiyi ndi pa magalaja a m'mbali mwa msewu, chikhulupiriro chofala n'chakuti galimoto ya 4x4 siiterera. Chikhulupiriro chimenechi chagwetsa ambiri. Kukoka ndi matayala onse anayi kumathandiza galimoto kunyamuka ndi kukwera mtunda wa matope. Pa kuima sikuwonjezera kanthu, chifukwa galimoto iliyonse, ngakhale yaing'ono kwambiri, ili kale ndi buleki pa matayala onse anayi. Chomwe 4x4 imachita ndi kufikitsa woyendetsa pa liwiro lalikulu osamva kuterera kulikonse, n'kukamudziwitsa za kuterako pa kona, nthawi itatha kale. Land Cruiser yaikulu imalemera matani awiri ndi theka isananyamule munthu, ndipo ndi yaitali kupita m'mwamba. Ikatsetsereka cham'mbali, tayala n'kugunda m'mphepete mwa phula momwe madzi anakumba, siingoima, imagubuduzika.

Palinso china chomwe eni ma piki-apu ena sachidziwa. Hilux ndi magalimoto ambiri a mtundu wake akakhala pa 2H, momwe amayendera pa phula, amakoka ndi matayala akumbuyo okha. Kumbuyoko kukakhala kopanda katundu kumapepuka, ndipo woyendetsa akaponda moto mwamphamvu potuluka pa kona yonyowa, matako a galimoto amatsogola. Mark X imachita chimodzimodzi, ndipo imachita msanga. Pa galimoto zotere, phazi liyenera kuyembekezera chiwongolero: buleki iponderedwe kona isanafike, galimoto ili yowongoka, ndipo moto uwonjezedwe pang'onopang'ono matayala akutsogolo atawongoka kale.

Magalimoto atsopano ali ndi makina oletsa kuterera, omwe amachepetsa mphamvu ya injini kapena kugwira buleki ya tayala limodzi akamva kuti galimoto yayamba kuzungulira. Amapulumutsa anthu ambiri. Koma ali ndi batani lozimitsira, ndipo anyamata ena amalizimitsa dala kuti matayala alire ponyamuka. Batanilo ntchito yake ndi ya potuluka m'matope kapena mumchenga, osati pa phula. Kanyale kake kakamaphethira pa dashibodi m'mvula, galimoto ikunena kuti yatsala pang'ono kugonja, osati kuti zonse zili bwino. Buleki ya ABS nayo imasokoneza amene anaphunzira pa magalimoto akale. Iwo anaphunzitsidwa kuponda n'kusiya, kuponda n'kusiya. Pa ABS munthu amaponda mwamphamvu osachotsa phazi, ngakhale chopondera chikunjenjemera, ndipo amatha kukhotetsa akadapondabe. Makina osunga liwiro okha, omwe amalola munthu kupumitsa phazi pa ulendo wautali, sayenera kuyatsidwa m'mvula.

Phunziro la Revúbuè

Komabe ngozi yomwe anthu a ku Tete amaikumbukira kwambiri pa nkhani ya magalimoto ndi mvula siinachitike chifukwa cha liwiro. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atagwetsa mvula yoopsa m'chigawo chino ndi ku Malawi, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kudula mlatho wolumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize, womwe unali utawonongekapo kale ndi madzi a mu Malichi 2019. M'masiku omwewo, galimoto yomwe munali Administrador wa boma la Tete, José Maria Mandere, inakokoloka ndi madzi a mtsinjewu, iye ali pa ulendo wa akuluakulu a chigawo okaona mmene zinthu zawonongekera. Mtembo wake unapezeka pambuyo pake. Anali munthu wodziwa dera lake, ali pa ntchito, ali pakati pa anzake a boma. Madzi sanafunse udindo.

Ku Chifunde mitsinje ya Luia ndi Capoche ili ndi timitsinje ndi makwawa ambiri omwe m'chilimwe amakhala mchenga wokhawokha. Misewu yadothi yolowera ku Mualadzi, ku N'sadzu ndi m'midzi ya fodya imadutsa m'makwawa amenewa, mwina pa timilatho totsika tomwe madzi amayenda pamwamba pake, mwina popanda chilichonse. Mvula ikagwa kumapiri, khwawa limadzaza kumunsi komwe sikunagwe ngakhale dontho. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo woyendetsa amene anawoloka pouma m'mawa amabwerera madzulo akukhulupirira kuti akudziwa kuzama kwake.

Ofesi ya zanyengo ya ku United States imaphunzitsa anthu ake manambala atatu osavuta kusunga. Madzi othamanga ozama masentimita 15 angathe kugwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amanyamula magalimoto ang'onoang'ono ambiri. Masentimita 60, omwe ndi madzi ofika pamwamba pang'ono pa bondo, amakokolola piki-apu ndi 4x4. Chifukwa chake n'chakuti madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndipo galimoto yotsekedwa bwino imayamba kuyandama ngati chidebe. Ikapepuka, matayala amasiya kugwira pansi, madzi n'kuikankha cham'mbali. Paipi yokwezera mpweya pamwamba, yomwe eni ma Land Cruiser amanyadira, imateteza injini kuti isamwe madzi, koma siiwonjezera kulemera kwa galimoto ngakhale kilo imodzi. Ndipo palibe amene amaona pansi pa madzi ofiira. Simenti ya kamlatho ingakhale itadyedwa theka, kapena dothi la kumapeto kwake litapita lonse.

Njira yomwe oyendetsa akale a malole a fodya ankatsatira ikadali yolondola: kutsika, kuzika kamtengo m'mphepete mwa madzi, n'kudikira kuona ngati akukwera kapena akuphwa. Makwawa ambiri a kuno amadzaza msanga n'kuphwanso msanga, ndipo maola awiri kapena atatu amakwanira. Ngati munthu sangathe kuwoloka ndi miyendo, galimoto isalowemo. Usiku, pomwe magetsi amangowala pamwamba pa madzi, palibe chowolokera ngakhale pang'ono. Chovuta ndi chakuti wodikira amakhala ndi anthu m'galimoto omwe akumukakamiza, bwana wofulumira msonkhano, kapena okwera chapa omwe akuopa kugona panjira, ndipo woyendetsa wolembedwa ntchito amaopa kuoneka wamantha. Mabungwe ndi maofesi omwe ali ndi magalimoto m'chigawo chino akanachita bwino kulemba poyera kuti pa madzi mawu otsiriza ndi a woyendetsa, osati a wokhala kumbuyo.

Wowoloka madzi osaya bwinobwino asaiwale buleki. Ma piki-apu ambiri ali ndi buleki za ng'oma kumbuyo, zomwe zimasunga madzi. Kuponda pang'onopang'ono kangapo galimoto ikuyenda mwakachetechete kumaziumitsa.

Pa dothi penipeni nkhani ndi ina. Katondo akanyowa amaterera pamwamba pomwe pansi pali pouma, makande amamata m'mizere ya tayala mpaka kulisandutsa losalala. Apa 4x4 imagwiradi ntchito yake, bola ilowetsedwe matope asanafike, giya ikhale yotsika, phazi likhale lofatsa. Injini yamphamvu ikapondedwa mwaukali imangokumba dzenje. Ndipo galimoto yolemera yomwe yakumba mizere yozama pa msewu wa kumudzi mu Febuluwale imasiya mavuto kwa ambulansi ndi njinga zomwe zidzadutse pambuyo pake mpaka msewu udzapalidwe.

Olipira ndi ena

Mwini galimoto yamphamvu akachita ngozi amakhala ndi lamba, matumba a mpweya ndi chitsulo chochindikala chomuzinga. Kawirikawiri amatuluka wamoyo. Amene alibe chomuteteza ndi wa pa njinga, wa mota-táxi, ndi okwera kumbuyo kwa lole yotsegula atafunda lona. M'dzinja anthu amenewa amayandikira pakati pa msewu kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa m'mbali muli matope ndi udzu wautali. Wa njinga yamoto amazemba dzenje mwadzidzidzi, mutu ataweramitsa kuti mvula isamulowe m'maso. Ng'ombe zopita kolima zimawoloka m'mamawa kukadali nkhungu. Misika ya m'mbali mwa msewu, komwe amayi amayala mango, bowa ndi chimanga chachiwisi pa phula penipeni, imachuluka m'miyezi yomweyi.

Kupitirira lole m'mvula ndi pomwe mphamvu ya injini imanyenga kwambiri. Lole yosenza katundu, yolemera matani oposa 40, imautsa utsi wa madzi womwe umaphimba galasi lonse kwa masekondi angapo. Mwini galimoto yamphamvu amadziwa kuti angathe kuidutsa m'kanthawi kochepa, ndiye amalowa mu utsiwo osaona kutsogolo, akuwonjezera liwiro pamalo pomwe madzi ndi ochuluka. Ngozi ya ku Maluana, m'boma la Manhiça, mu Julaye 2021, pomwe basi inawombana ndi malole pa N1 n'kupha anthu oposa 30, inachitika m'nyengo yomwe si ya mvula. Inaonetsa dziko lonse zomwe kupitirira kolakwika kumachita pa msewu wa mizere iwiri. Mvula imangowonjezera khungu pa cholakwa chomwecho.

Munthu akavulala kwambiri cha ku Cassacatiza kapena ku Mualadzi, thandizo la opaleshoni yaikulu lili ku Hospital Provincial de Tete, ulendo wa maola angapo pa msewu wonyowa womwewo. Kuvulala komwe mumzinda munthu akanapulumuka, kuno kumatha kupha panjira.

Lamulo ndi owona za lamulo

Código da Estrada wa dziko la Moçambique, Decreto-Lei 1/2011, amalola galimoto yaing'ono kufika makilomita 120 pa ola kunja kwa midzi ndi matauni, ndi 60 m'kati mwake. Oyendetsa ambiri amawerenga nambala ya 120 ngati lonjezo. Koma lamulo lomwelo limauza woyendetsa kuti ayeze liwiro lake molingana ndi msewu, nyengo ndi kuchuluka kwa oyenda, kuti athe kuima pa mtunda womwe akuuona. Ndiye kuti munthu woyenda pa 110 m'mvula yomwe ikumubisira mamita 100 akuphwanya lamulo ngakhale chikwangwani chikumulola. Dziko la France linachotsa kukayika kumeneku polemba nambala ina ya mvula: pa misewu yake ikuluikulu, 130 imatsika kufika 110 kukamagwa mvula. Ngati ku France amatsitsa pa msewu wotchingidwa, wopanda mbuzi kapena ngolo, n'zovuta kuteteza 120 pa N9 mu Januwale.

Apolisi apamsewu a PRM amapezeka pa N9, ndipo palibe woyendetsa amene amafika ku Cassacatiza osaimitsidwa. Koma kuimitsa kwambiri kumathera pa mapepala: carta, livrete, inshuwalansi, chiphaso cha inspecção. Mapepala ndi ofunika, koma sagwira pansi. Wapolisi amene waimitsa chapa mu Disembala akanawerama n'kuyang'ana matayala anayi ndi mawaipa, mphindi imodzi yokha, akanapeza zomwe zimapha anthu. Chiphaso cha inspecção chimanena za tsiku lomwe galimoto inayezedwa, ndipo si chinsinsi kuti tayala labwino limatha kubwerekedwa pa tsikulo. INATRO, bungwe loona za ziphaso ndi chitetezo cha pamsewu, limachita makampeni pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, yomwe mwamwayi imagwera pakati pa dzinja. Uthenga wake umakhala wa mowa ndi liwiro. Wa matayala ndi wa kuwoloka madzi umamveka pang'ono, ndipo m'Chichewa umamveka pang'ono kwambiri.

Mbali ya ANE ndi ya kampani ya Estradas do Zambeze, yomwe inapatsidwa misewu ikuluikulu ya chigawo chino pamodzi ndi mlatho wa Kassuende, ndi ya phula ndi ngalande. Dzenje lodzaza madzi limaoneka ngati chithaphwi wamba, ndipo galimoto ya matayala opyapyala m'mbali ikaligunda pa liwiro imaphulitsa tayala kapena kuthyola mkono wa gudumu. Ngalande yotsekeka ndi mchenga imatumiza madzi pamwamba pa msewu. Ntchito zimenezi zimafunika kuchitika mu Seputembala ndi Okutobala, osati madzi atadula kale. Pa makwawa a misewu yadothi pali chinthu chotsika mtengo kwambiri chomwe boma la Chifunde ndi mafumu angachite osadikira ndalama za ku Maputo: kuzika mizati yopakidwa utoto mbali zonse ziwiri za powolokera, yosonyeza m'mphepete mwa njira ndi kuzama kwa madzi, ndi mzere wofiira pa masentimita 30.

INAM imalengeza za mvula yamphamvu pasadakhale, ndipo INGD imafalitsa machenjezo pa mawailesi ndi pa mafoni. Alimi amamvetsera chifukwa cha mbewu, a m'mphepete mwa mitsinje chifukwa cha nyumba. Oyendetsa ndiwo sanazolowere kuwerenga chenjezo la mamilimita 50 a mvula m'maola 24 ngati nkhani yawo. Kwa munthu wochoka ku Tete masana kupita ku Mualadzi, chenjezo limenelo likutanthauza kuti mdima udzamupeza pa dothi, makwawa atadzaza, ndipo ulendowo ndi wofunika kuunyamuka m'bandakucha wa tsiku lotsatira.